Kabokosi ka Padenga la Amake Mapasa

Woyamba kumuona bambo uja ataima pamwamba pa thanki yamadzi ya kutchalitchi kwathu ndinali ine, ndipo sindinamukonde. Munali mu Julaye, mphepo ikuulutsa mapepala m'misewu ya ku Unit A, ine ndikuchokera ku Makoni ndi mtolo wa zovala za anthu zoti ndikasoke. Bamboyo anali ndi magalasi oonera patali. Ankati akayang'ana denga ili n'kulemba, akayang'ana ilo n'kulemba. Masiku amenewo munthu wolemba nyumba za anzake papepala sitinkamupatsa moni, chifukwa omaliza kutilemba anabwereranso ndi zigalimoto zogumulira nyumba.

Panali patapita zaka ziwiri chigwetsereni kanyumba kanga kakuseri, momwe ndinkasokeramo. Mumzere wathu wonse tinyumba takuseri tinagwa, kupatula kamodzi kokha, ka amake mapasa.

Amake mapasa sanali munthu wamba kwa ine. Tinabadwira pafamu imodzi ya fodya, makolo awo ochokera ku Tete, anga ochokera ku Dedza. Tinatola limodzi mbozi m'masamba a fodya, tinakwatiwa chaka chimodzi, ndipo ku Chitungwiza tinapezeka tayandikananso, iwo pakona pamwamba pa thanthwe, ine nyumba yachitatu kutsika. Tinali pa ubale umene kuno amati usahwira. Sahwira amalowa m'nyumba mwako osagogoda, amakunyoza pagulu iwe n'kumaseka, ndipo tsiku lako likafika ndiye amasambitsa thupi lako ndi kukuveka. Tinkakanganirana zimenezo mwanthabwala. Iwo ankati ndifulumire kufa asanayambe kudwala msana, poti ine ndine wonenepa.

Tsiku logwetsa lija ndinaona ndi maso angawa wapolisi ataima pageti pawo, akuyankhula nawo. Ndinawaona akukweza dzanja n'kuloza kwathu. Pasanathe ola kanyumba kanga kanali mulu wa njerwa. Masana ake anabwera ndi ndowa kuti andithandize kutola zotsala, ine ndinawaimitsa pageti.

"Asahwira, munthu uja amafunsa pamene pali mpopi wotuluka madzi," anatero. "Kanyumba kangako kali ndi mapepala, malemu amuna anga anakalembetsa. Ndikakutengereni muwaone?"

"Bwererani ndi ndowa yanuyo."

Mapepalawo sindinawaone, ndipo sindinafune kuwaona. Kuyambira tsiku limenelo tinkaphonyana panjira ngati anthu a mitundu iwiri. Ine ndili ndi mtima wosunga, ndimavomera. Amayi anga ankati ndikakwiya ndimaiwala chakudya koma sindiiwala cholakwa.

Lamlungu lotsatira abusa anamuimiritsa kutsogolo bambo wa pathanki uja. Anali munthu wamkulu ndithu, wa imvi m'mbali, amene kale ankagwira ntchito yokoka mawaya a telefoni mpaka ntchitoyo inatha. Makolo ake anali a ku Chipata, choncho ankayankhula chathu chosakaniza ndi Chishona monga tonsefe. Dzina lake silinagwire, aliyense ankangoti bambo wa makwerero. Anati mpingo wapatsidwa timabokosi ndi abale a kunja, ndipo mwini kasitolo kena ka intaneti ku Makoni wavomera kutigawira. Intanetiyo idzafika pathanki ya tchalitchi, kuchoka apo izidumpha denga ndi denga.

"Musatya, vanamai, musaope, apa palibe zandale," anatero. "Zili ngati mmene timapatsirana njerwa pomanga. Uyu apatsira uyu, uyu apatsira uyo. Chofunika n'chakuti kabokosi kalikonse kazionana ndi kanzake, popanda khoma kapena phiri pakati. Kena kakazima, uthenga umadzipezera wokha njira ina. Mutu umodzi susenza denga."

Anthu anaseka pomva za dengalo, koma ine sindinaseke. Zaulere zinali zitatiphunzitsa kale kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Komanso ife a zitupa zokhala ndi chilembo chosonyeza kuti ndife alendo, ngakhale tinabadwira konkuno, tinkadziwa kuti chinthu chachilendo chikaoneka padenga pathu mafunso amafika msanga kuposa kwa ena. Ena m'tchalitchimo ankanong'onezana kuti timabokosito tidzamva mmene munthu wavotera.

Koma ndinali ndi vuto langa. Bambo a ana anga anali ku Joni, akugwira maganyu omanga. Mafoni nthawi imeneyo unkaimba kakhumi osalowa, akalowa n'kuduka pakati pa moni. Iwo anali atanditumizira kompyuta yakale kudzera kwa dalaivala wa basi, ndi kagalasi ka dzuwa kotchajira batire, ndipo mwana wa mchemwali wanga anali atandiphunzitsa kulemba kalata pamenepo ndi zala ziwiri. Kompyutayo inangokhala pansi pa bedi. Ndinakweza dzanja.

"Ndiye kuti kalata yanga izilowa m'nyumba za anthu?"

"Imangodutsa padenga, amai, siitsika."

"Wodutsitsayo sangaiwerenge?"

"Sangathe, ngakhale atafuna."

Ndinalembetsa, koma mumtima ndinati tiona.

Masabata awiri bambo wa makwerero anazungulira Unit A yense. Ankayenda ndi kalata ya abusa m'thumba la malaya, yoonetsa aliyense womuimitsa, ndipo omuimitsa sankasowa. Ntchito yake ndinaiyang'anitsitsa, poti ndinkafuna kumugwira bodza. Akakwera denga la asibesitasi ankaponda pamzere wa misomali pokha, kuti angaswe. Mlonda wa kutchalitchi, nkhalamba yosamva bwino, ankaima pathanki ndi galasi loonera nkhope n'kumathwanimitsa dzuwa. Kuwalako kukafika padenga pamene bamboyo waima, ndiye kuti malo amenewo ndi abwino. Kukapanda kufika ankasuntha, kapena kukweza nsungwi yomangirira kansalu kofiira kunsonga kuti aone paipi idzafunika yotalika bwanji. Ankapewa mawaya a magetsi, ankafunsa ngati pakhomopo pamakhala munthu masana, ngati pali galu, ngati mphezi inagwapo. Nyumba zina zabwino anazisiya chifukwa eni ake anakana. Zina anazisiya yekha chifukwa, mwa mawu ake, paipi yachitsulo pamenepo singagone masiku awiri.

Mapu ake anawajambula kuseri kwa kalendala yakale, n'kuwamata pakatoni. Nyumba zosankhidwa anazibaya ndi mapini, ndipo pakati pa mapini anakokapo ulusi, umene ndinamupatsa ndine. Tsiku limene anabwera kudzandionetsa, ndinatsata ulusiwo ndi chala. Unachoka pathanki n'kukafika pakona, padenga la amake mapasa. Kuchoka pamenepo unagawikana pawiri, wina kupita kusukulu ya kumunsi, wina kubwera kwathu.

"Apa ayi," ndinatero.

"Amai, nyumba imene ija ili pathanthwe. Palibe denga lina kuno loona kutali ngati limene lija. Inu muli m'chigwa."

"Mawu a amuna anga sadutsa pamenepo. Ngati palibe njira ina, chotsani pini yangayo."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kukona kuja. Anali atamva kale nkhani yathu, ku Unit A kulibe chinsinsi. Anapuma mozama n'kunena kuti zvakaoma, n'zovuta, koma tiyese ngati denga langa lingaonane ndi thanki mwachindunji.

M'mawa mwake ndinavala buluku la amuna anga mkati mwa chitenje n'kukwera nawo, poti sindinafune kuuzidwa, ndinafuna kuona ndekha. Pamwamba pa denga Chitungwiza amaoneka wina. Unkaona mabwalo a anthu onse, zipsera za simenti pamene panali tinyumba takuseri, mizere ya anthu pazitsime. Bamboyo anakweza nsungwi yake, ndipo patapita kanthawi kuwala kwa galasi la mlonda kunatithwanimira m'maso. Kunkadutsa pakati pa nthambi za mtengo waukulu wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, umene unali m'bwalo la anthu ena, pakati pa ife ndi tchalitchi.

Anaika magalasi ake m'maso n'kuuyang'ana nthawi yaitali. "Mtengo uwo ngwamoyo?"

Unali mtengo wa mabulosi. Chaka ndi chaka ana anga ankabwera kuchokera kumeneko milomo ili bii, malaya othimbirira, ine n'kumawakalipira. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti umayoyola masamba nthawi yozizira n'kuphukanso kukayamba kutentha.

"Unauma kalekale," ndinatero. "Chiphulikireni paipi ya zonyansa pamenepo sunaphukenso. Eni ake akungodikira nkhwangwa."

"Chokwadi, amai? Mukunenetsa? Masamba, makamaka onyowa, amatseka ngati khoma."

"Ndakhala kuno zaka zingati ine?"

Sindinaone ngati bodza lalikulu. Mumtima ndinkati mphepo imadutsa m'masamba, utsi umadutsa, nanga kalata yosaoneka n'komwe ilephere bwanji? Amisiri amakonda kukuza zinthu. Bamboyo anamanga paipi yaitali kukhoma, anaika kabokosi m'chidebe chapulasitiki chotseka bwino kuti mvula isalowe, analozetsa kutchalitchi, n'kukhomera waya wa mphezi pansi. Ulusi wa pamapu anausuntha ine ndikuona. Kwa amake mapasa anaikabe kabokosi kawo chifukwa cha sukulu ija.

Kalata yoyamba ya amuna anga inafika Loweruka. Inali yaifupi, yofunsa ngati nkhuku zikadalipo. Ndinaiwerenga kasanu, ndipo ndinalira, sindibisa. Masamba a mabulosi ataphuka mu Seputembala makalata anapitirira kubwera, ndipo ndinadzitama kuti mwaona, ndinanena ine.

Chaka chotsatira zinthu zinafika poipa. M'masitolo munatsala mashelefu okha. Magetsi ankapita masiku atatu, anayi. Aphunzitsi anasiya kubwera, sukulu ya kumunsi inatsekedwa, ndipo kabokosi ka kumeneko kanabedwa pamodzi ndi paipi yake. Apa ndi pamene ndinayamba kuona chinthu chimene chinandisowetsa mtendere.

Amake mapasa analibe kompyuta. Kuwerenga kwawo kunkathera m'buku la nyimbo. Mapasa awo anali atakula n'kupita, wina ku Botswana, wina ku Beira, ndipo sankalemba makalata. Sukulu imene kabokosi kawo kankatumikira inali itatsekedwa. Komabe kawiri pasabata mayiyo ankatulutsa wilibala, n'kukwezamo batire la galimoto ya malemu amuna awo, n'kulikankha mpaka ku Makoni kwa wowotcherera zitsulo amene anali ndi jenereta. Madzulo ankabwera nalo, thukuta lili kamukamu, n'kulilumikiza. Kanyali kobiriwira ka pakabokosi kawo sikankazima. Ndinkakaona ndili pawindo langa, kuseri kwa katani.

Galu wamkota sakandira pachabe. Munthu wosowa chogulira mchere angavutike chotero ndi kabokosi kopanda ntchito? Ndinaganiza, ndinaphatikiza, ndipo yankho linabwera losavuta, poti ndinali nalo kale. Amene analoza nyumba yanga kwa wapolisi ndiye anapatsidwanso ntchito yomvetsera za m'dera lathu. Chinali chaka cha mavoti, anthu ankatengedwa masanasana, ndipo aliyense ankafuna kudziwa amene akupereka mayina.

Ndikanangosunga mumtima zikanakhala bwino. Koma ndinazinena pamzere wa pachitsime, osati mokweza, mongofunsa chabe. Ndinati kodi batire lija limadyetsa ndani? Amayi anayang'anizana. Sabata isanathe anthu anasiya kugula tomato pageti pawo. Akafika pachitsime nkhani zinkaduka, ndipo wina anawaponyera mwala padenga. Ine ndinkangoti ndinafunsa chabe.

Tsiku lina tinapezeka tatsatana pamzere womwewo, iwo kumbuyo kwanga. Anali ataonda, chitenje chikuwazungulira kawiri.

"Asahwira, bambo akulemba?" anafunsa chapansipansi.

"Mukufunsiranji zimene mukuzidziwa kale?"

Mzere unasendera. Anangosuntha chigubu chawo ndi phazi.

Nthawi yomweyo ku Joni anayamba kuthamangitsa alendo, kuwotcha tinyumba tawo. Masiku anayi kunalibe mawu ochokera kwa amuna anga. Sindinkasoka, sindinkadya, ndinkangoyatsa kompyuta n'kuzimitsa kuopa kutha batire. Tsiku lachisanu kalata inafika. Anati ali moyo, abisala m'tchalitchi china ndi anzawo, katundu yense wapsa, ndisalire. Ndinagwada pansi pomwepo. Ndikudzuka ndinaona pawindo amake mapasa akudutsa ndi wilibala yawo, ndipo ndinakoka katani.

Mvula itayamba kunabwera kolera. Mu Disembala ndinapita kumafamu masiku asanu kukasinthanitsa zovala ndi chimanga. Ndinabwera masana mvula ikukhuthuka, m'misewu mulibe munthu. Ndinayatsa kompyuta, panalibe kanthu, ngakhale chizindikiro choti yalumikizana. Batire langa linali lodzaza, kabokosi kanga kankayaka. Ndinati basi, mayi uja waona kuti ndachokapo, wachita zake.

M'mawa ndinalawirira kwa bambo wa makwerero, ndipo ndinayamba kuyankhula ndisanakhale pansi. Ndinati munanena kuti sangathe, onani tsopano. Iye anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Mwabwera liti kumafamu, amai?"

"Dzulo."

"Simunaonane ndi munthu?"

"Ndionane ndi ndani m'mvula muja?"

Ananyamula makwerero ake. Titafika kwathu anati ndikwere nawo. Ndinakwera ndi chitenje chokha. Pamwamba analoza kumene kunali tchalitchi. Thanki sinkaoneka n'komwe. Panali chimtengo cha mabulosi chobiriwira, chonyowa, chotambalala kuposa chaka chatha.

"Mtengo wouma uja ndi uwo," anatero. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. "Masamba akangophuka, kabokosi kanu sikamva tchalitchi. Ndinaziona pakompyuta ya kutchalitchi Seputembala woyamba uja. Koma kabokosi ka pakona kali pafupi, timabokosi timeneti timamvana ngakhale titafulatirana. Makalata anu anadzipezera njira okha. Kupatula miyezi yozizira, onse akhala akudutsa padenga paja."

Ndinayang'ana kukona. Kanyali kobiriwira kanali kozima.

Bamboyo anapitiriza. "Sukulu itatsekedwa ndinapita kukachotsa kabokosi kawo kuti ndikaike kwina. Ndinawauza kuti katsala kakutumikira nyumba imodzi yokha. Anafunsa kuti iti. Nditawauza, anati kasiyeni, mungondiphunzitsa chimene kamadya. Anatinso, musamuuze sahwira wanga, ndimamudziwa, angazule kake ndi ukali n'kusowa pomvera za amuna ake."

"Nanga azimitsiranji tsopano?"

Ndinafunsa choncho ine, ndi pakamwa pangapa. Pamene ndinkafunsa n'kuti maso anga ataona kale bwalo lawo kuchokera pamwambapo. Chitseko chinali chokhoma, pakhonde atawaza mankhwala oyera, wilibala itavundikiridwa pakati pa bwalo.

"Anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri," anatero bamboyo. "Loja wawo, wochita lendi m'kanyumba kakuseri, anawakankha pawilibala yomweyo kupita kumatenti a odwala. Tinawaika dzana. Azaumoyo salola kusonkhana, salolanso kusambitsa. Anawakulunga m'pulasitiki. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi."

Sindikumbuka mmene ndinatsikira makwerero aja. Ndikukumbuka kuti ndinakhala pansi m'matope, ndipo chimene chinkandibwerera m'mutu ndi nthabwala yawo ija, yoti ndifulumire kufa asanadwale msana. Ntchito imodzi yokha imene ndinawalonjeza pamoyo wanga inali yowasambitsa, ndipo sindinaigwire. Ngakhale ndikanakhalapo sakanandilola, anthu amandiuza choncho pofuna kunditonthoza. Koma si azaumoyo amene anandiletsa kuwayankha bwino pachitsime paja.

Patapita masiku awiri loja uja ananditsegulira, ndipo ndinatenga batire. Ndinatsuka wilibala n'kulikwezamo. Sindinkadziwa kuti batire la galimoto limalemera chotero. Tayala la wilibalayo linali lopindika, linkakokera kumanzere, ndipo njira ya ku Makoni ili ndi maenje amene ndinkangowadumpha ndikamayenda chimanjamanja. Ndinapuma kanayi. Wowotcherera zitsulo analizindikira batirelo asanandiyang'ane nkhope, n'kufunsa kuti amai aja ali kuti. Amayi a pachitsime anandiona ndikubwera nalo, ndipo palibe anafunsa kuti limadyetsa ndani.

Nditalumikiza, kanyali kanayaka, ndipo kwathu makalata atatu analowa nthawi imodzi. Amuna anga ankafunsa za mvula, za chimanga, ndi ngati tikuwiritsa madzi akumwa.

Anthu ena amandifunsabe ngati ndinadziwa zoona zake za tsiku logwetsa lija. Mapepala a kanyumba kawo sindinawafunefune, ngakhale mapasa atabwera kudzalongedza katundu. Sindikudziwa zonse zimene anayankhula ndi wapolisi uja. Chimene ndikudziwa n'chakuti sabata imeneyo madzi sankakwera kuthanthwe, ndipo mumzere wathu wonse mpopi wotuluka madzi unali wa kwathu kuchigwa. Zimenezi sindinazitulukire pambuyo pa maliro ayi. Ndinkazidziwa tsiku lomwelo, pamene ndinkawabweza pageti ndi ndowa yawo.